Thabwa limene landichotsetsa ntchito

Chilumba,
9 Okutobala 1978

Wokondedwa mng'ono wanga Ralph,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu Thelma ndi ana. Kodi chifuwa chako chija chinaleka? Ife kuno m'thupi tilibe vuto, mlamu wako Bessie ngwamphamvu, koma mtima wanga suli m'malo. Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndapatsira a Gordon, dalaivala wa lole yonyamula mpunga. Ukawerenga usaisiye pa tebulo.

Andiimitsa ntchito, Ralph.

Ukudziwa kuti kwa zaka zisanu ndi zinayi ndakhala mlonda wa madzi pa sikimu ya mpunga kuno. Nyengo ya dzuwa ino madzi amachepa m'ngalande, ndiye timagawa ndi masiku. Akumtunda amathirira Lolemba, akumunsi Lachisanu. Tsiku la akumunsi ndimatsitsa thabwa pakamwa pa ngalande ya akumtunda kuti madzi apitirire. Lamuloli sindinaliike ndine. Linachokera ku ofesi.

Lachisanu lomaliza la mwezi watha ndinapeza thabwa lazulidwa, madzi onse akukhuthukira m'mapuloti a bambo Manase, wapampando wa nthambi ya Chipani kuno. Kumunsi mpunga unali utayamba kutulutsa ngala, nthaka itang'ambika. Mayi wina wamasiye, a Keziya, anali kutunga timadzi totsalira ndi ndowa n'kumathira mpunga wawo ngati ndiwo zam'dimba. Ndinabwezera thabwalo n'kumata matope m'mbali.

A Manase anabwera ndi anzawo awiri. Anati kukubwera alendo aku boma kudzaona munda wawo, choncho uyenera kuoneka wobiriwira. Ndinawayankha mwaulemu kuti tsiku lawo ndi Lolemba. Anayankhulana Chinkhonde n'kuseka, kenaka anandikumbutsa m'Chichewa kuti mlendo ndi mame. Ine ndinakhala pathabwapo mpaka madzi anafika kumunsi.

Lolemba lotsatira kalaliki wa ku ofesi anandiitana. Anandifunsa m'Chingerezi ngati ndinachita block madzi aja. Ndinavomera msanga. Liwu limenelo ndimalidziwa, alangizi amandiuza tsiku ndi tsiku, ndiye ntchito imene anandilembera. Mwamunayo anataipa kalata, anandipatsa, n'kundilanda yunifolomu. Nditafika panja ndinayang'ana mzere uliwonse, koma block munalibe. Munali liwu lina limene sindinalionepo chibadwire, obstruct.

Ndinapita nayo kwa a Hudson, mphunzitsi wopuma amene timapemphera naye. Atawerenga anadzuka n'kukatseka chitseko.

Anandifotokozera kuti Azungu ali ndi mawu ambiri onena za kutsekereza, ndipo sali ofanana kulemera. Anati block ndi kutseka njira basi, ngakhale mtengo wogwa pamsewu umatero, ndipo palibe amauimba mlandu. Anati hinder ndi kuchedwetsa, monga matope amachitira ngolo, koma ngoloyo imakafikabe. Anati prevent ndi kuletsa chinthu chisanachitike, monga katemera amaletsera chikuku, ndipo munthu amatha kuyamikiridwa nalo. Koma obstruct, anati, ndi kuima dala panjira ya anthu a lamulo. Limeneli amalikonda apolisi ndi makhoti. Choopsa kwambiri n'chakuti liwu lotsatira m'kalatamo ndi lonena chitukuko. Andilembera kuti ndinatsekereza dala chitukuko cha boma.

Ine, Ralph! Ine amene khadi ya Chipani ndimagula chaka ndi chaka, ya ine ndi ya Bessie. Ine amene ndagwa malungo kangapo konse chifukwa choima m'madzi a sikimu imeneyi. Thabwa ndi lomwelo, dzanja ndi lomwelo, tsiku ndi lomwe anaika okha. Asintha liwu limodzi, ndipo ndasanduka mdani wa dziko. Sindinkadziwa kuti munthu angamangidwe ndi taipi.

A Hudson anapinda kalatayo n'kundibwezera, nandipempha kuti ndisauze munthu kuti iwo anaiwerenga. Sindikuwada. Iwenso ukudziwa kumene amapita anthu onenedwa zotere. Kutchalitchi dzulo benchi yanga inali ya ine ndekha. A Keziya anatibweretsera nthochi zophika, koma anadzera kuseri kwa nyumba ndipo sanakhale pansi.

Komiti ya sikimu idzakhala pa 30 mwezi uno. Andiuza kuti ndingathe kupereka yankho, koma lolembedwa m'Chingerezi. Kuno aliyense wodziwa kulemba akuti dzanja likumupweteka.

Tsopano ndinene chimene ndasunga zaka makumi anayi ndi zina. Bambo atandichotsa ku sukulu ya mishoni ndili Sitandade 2, anati fizi ingakwanire mmodzi, ndipo wanzeru ndi iwe. Ndinapita kukadyetsa ng'ombe, kenaka ku migodi ya ku Joni, iwe uli m'kalasi. Aphunzitsi ankati pa masamu ndinkakuposa. Sindinadandaulepo pamaso pako, ngakhale tsiku limene unabwera ndi tayi pakhosi n'kundikonza Chingerezi pamaso pa alendo. Koma m'nyumba ya a Hudson muja, nditagwira pepala londipha osatha kuliwerenga, ndinawakumbukira bambo, ndipo sindinawakumbukire bwino. Mulungu andikhululukire.

Pempho langa ndi limodzi. Sukulu ija inali yathu tonse, ndiye undibwereke kamodzi kokha. Undilembere yankholo. Kalata yawo ndaikopera liwu ndi liwu kuseri kwa tsambali. Ulembe kuti ndinachita block ngalande monga mwa lamulo la masiku, kuti ndichite prevent mpunga wa mabanja khumi ndi anayi usafe. Liwu lawo lija ulikane poyera. A Manase usawanyoze, usatchule ngakhale dzina lawo.

Bessie akulira kuti ndingopepesa, mwina a komiti andisiya. Mawu aulemu uikemo ochuluka monga udziwira. Koma usalembe kuti ndinalakwa, poti ukatero sindisaina. Madzi aja anali a a Keziya.

A Gordon adzadutsanso kwanuko ku Dedza pa 20. Uwadikire pamsewu ndi envulopu yomata. Akadzapeza ine kulibe, adzapatsa Bessie, ndipo iye akaipereka yekha ku komiti.

Undiperekere moni kwa mlamu, kwa achemwali athu ndi amuna awo, kwa amalume ngati akumvabe, ndi kwa adzukulu onse. Achemwali usawauze kanthu mwezi uno usanathe.

Ndine mkulu wako,
Wallace