Botolo la Muguet Latsala Pang'ono

Lolemba, 25 Epulo

Ndaliunika pawindo. Latsala pansi penipeni, maulendo ochepa basi. Perefyumu ameneyu anapanga ndi malemu Bambo, pomwe ankagwira ntchito mu labu yomwe ndikugwiramo inemu, ndipo sanagulitsidwepo m'sitolo. Anali wa Amayi okha.

Tsopano amene ndimadzola ndine. Chilowereni Amayi kunyumba yosamalira okalamba, nkhope yanga anaiiwala. Koma ndikadzola kadontho padzanja, amaligwira, kununkhiza, kenako: "Maryse, wachedwa bwanji?" Ndinayesapo kupita nditangosamba, osadzola. Anandifunsa ngati ndabwera kudzasintha zofunda.

Ndiye botolo likatha, nane ndatha. Ndipange lina.

Lachiwiri, 26 Epulo

Ndapereka dontho limodzi ku makina olekanitsa fungo. Landipweteka dontho limenelo.

Muguet ndi duwa louma mutu. Rozi ukaliphika ndi nthunzi limapereka mafuta, jasmine ukamuviika amapereka. Ili ayi. Linunkhire munda wonse, m'botolo simulowa kanthu. Fungo lake timachita kumanga ndi mankhwala, mmodzimmodzi.

Makina aonetsa mankhwala omwe alimo: hydroxycitronellal, linalool, indole pang'onong'ono, ndi lilial wochuluka zedi. Vuto ndi lomwelo. Lilial analetsedwa, mu labu mulibe ndi dontho lomwe.

Thibault, mnzanga wa tebulo loyandikana, wayang'ana pepalalo. "Bambo ako ankathira lilial ngati msuzi, eti?" Sindinaseke. Kenako ndaseka pang'ono.

Lachinayi, 28 Epulo

Tsiku lonse timapepala tonunkhizira. M'malo mwa lilial ndasakaniza abale ake omwe akadali ololedwa. Amayandikira, koma alibe kunyowa kuja, kwa tsamba lomwe langothyoledwa.

Ndampatsa Thibault kapepala. "Sopo wa m'hotela uyu."

Ndawonjezera indole. Payekha amanunkha ngati zovunda, koma ukamuchotsa duwa limakhala lapulasitiki. Dzanja lalemera, ndachulutsa.

"Tsopano sopoyo wagwera m'chimbudzi."

"Tseka pakamwa, nunkhiza china."

Chinanso. La Bambo lakalamba. Mpweya wakhala ukudya mankhwala ake ena zaka zonsezi, n'kusiya kakuwawasa pansi pake. Poyamba ndinakaona ngati chilema choti ndikonze, chizolowezi cha ntchito. Kenako ndakumbukira kuti Amayi akudziwa lokalambalo. Ndasiya langa m'kapu yosavindikira pawindo, likalambe msanga ngati lingathe.

Mutu ukuwawa. Chakudya cha usiku: buledi ndi tchizi, choimirira.

Loweruka, 30 Epulo

Thibault watseka maso, ndamupatsa timapepala tiwiri, ka fungo la Bambo ndi ka langa. Walephera kusiyanitsa. Inenso. Wandipsompsona masaya onse awiri, ati ndimugulire vinyo.

Lamulungu, 1 Meyi

Tsiku la muguet, lomwe anthu kuno amapatsana duwali. Pangodya iliyonse ya tawuni yathu ya Grasse pali wogulitsa timitolo. Ndagula kamodzi, ndadzola langa latsopano, ulendo.

Amayi anali pampando wawo wa pawindo, atavala juzi yabuluu. Ndawapatsa dzanja. Aligwira, anunkhiza nthawi yaitali. Anunkhizanso. Kenako alibweza bwinobwino pamwendo panga, monga umabwezera chinthu cha mwini.

"Zikomo, mayi. Maluwawo ikani apo. Mwana wanga akubwera."

Ndaika maluwa m'tambula. Takhala awiri mpaka dzuwa kupendeka, tikudikira Maryse. Nthawi ndi nthawi amayang'ana kuchitseko. Ati ndi mwana wabwino koma sasunga nthawi.

Nadège, namwino wawo, wandipeza pakhonde. "Musadandaule, masiku sakhala ofanana." Ndavomera kuti andisiye.

Chomwe chasowa sindikuchidziwa. Makina sakuchiona, mphuno yanga sikuchimva. Ndalira m'galimoto, osati kwambiri.

Lolemba, 2 Meyi

Sindinakhudze kalikonse ka muguet. Ndagwira za sopo wochapira wa kasitomala wa ku Lyon. Akufuna "maluwa oyera". Apeza.

Lachiwiri, 3 Meyi

Masana Nadège waimba. Amayi akukana kudya chiyambire dzulo, akukankha supuni, akuti adya mwana wawo akafika. Botolo lakale lili kunyumba, mbali ina ya tawuni. Ndangothamanga mmene ndinalili, osasamba, chovala choyera cha mu labu chili m'thupi. Chimanunkha zonse pamodzi chimenecho: rozi, sipiriti, indole, zotayikira za mwezi wathunthu. Anthu m'basi amasuntha ndikakhala nacho pafupi.

Ndawapeza atatembenukira kukhoma. Ndakhala m'mbali mwa bedi, ndilibe choti n'kuwapatsa. Mphuno yawo yayamba yokha. Agwira mkono wa chovalacho, aukokera kumaso.

"Fernand."

Dzina la Bambo. Nadège wandiyang'ana.

"Fernand, mwabweranso ndi fungo la kuntchito m'nyumba muno. Ndinakuuzani kangati?"

"Pepani," ndatero.

"Maryse mwakamutenga kusukulu?"

Nadège wandipatsira mbale mwakachetechete.

"Ndakamutenga. Ali bwino."

"Wadya?"

"Wadya. Mwatsala ndinu."

Andiyang'ana kumaso, akumwetulira ngati mtsikana. Kumwetulira kumeneko sikunali kwanga, sindinakuonepo n'kale lonse. Ndatunga supu, ndauzira.

Atsegula pakamwa.