Mapoto Anga Atatu Apita Kumaliro

Loweruka madzulo. Lero mtima wandiwawa zedi.

Mwezi wonse ndakhala ndikuzungulira mashopu a ku Limbe kusaka mapoto atatu akuluakulu ofululira mowa kunyumba. Dzulo ndinawapeza, wowotcherera n'kundiikira mipopi. M'mawa uno nditangotsika nawo kwathu ku Chinyonga, ndapeza kwa aneba kwagwa maliro. Mayi Fombe, wapampando wa amayi, angowagwira: "Achimwene, Mulungu wakutumani! Timasowa pophikira nyemba."

Ndikanakana bwanji pamaliro?

Panopa ali pamafuwa, ada bii, mpopi umodzi wathyoka kale. Choipitsitsa, mkulu wa mpingo wandithokoza pagulu kuti ndagulira dera lathu mapoto. Chimera changa chikadali m'thumba, koma Mayi Fombe andiuziratu kuti sabata yamawa kuli ukwati.