Amayi akufuna kukwera njinga ya pa sinowo, koma woyendetsa ndi mkamwini wawo

Aphungu,

Ndine mayi wachitsikana wa mwana mmodzi, ndimakhala ku Springburn kuno ku Glasgow. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mundikhululukire ndikafotokoza mozungulira. Nkhani yanga si yachisoni ayi. Ndikulemba mtima ukudumphadumpha, kungoti pali pena pandithina.

Amuna anga, a Jasper, ndi makaniko ku Govan. Nyengo yozizira ino, Loweruka amapita kumapiri kukathandiza mzungu wina wachikulire woweta nkhosa, a Norman, amene anavulala bondo. Sinowo akagwa kwambiri galimoto siifika kumene kuli nkhosazo, choncho chakudya chake amachinyamula pa sinomobilo. Imeneyi ili ngati njinga yamoto, koma kutsogolo m'malo mwa tayala ili ndi timatabwa tiwiri totsetsereka, kunsi kwake kuli lamba wamkulu wamanomano. Mpando wake ndi wa anthu awiri.

Amayi anga ali kuno. Anabwera kuchokera ku Dedza kudzandithandiza nditabereka Atupele. Sabata yatha tinapita tonse kumapiriko, amayi n'kutsala ndi mwana m'nyumba mwa a Norman, ine n'kukwera kumbuyo kwa a Jasper.

Titangonyamuka ndinadzifunsa kuti ndakwereranji. Bampu iliyonse imandimenya kuyambira pansi mpaka m'mano, ngati ngolo ikudutsa m'mizere ya chimanga. Ndinawatsina a Jasper paphewa. Anaima, n'kuseka, amvekere: "Pepa mayi, ndaiwala. Ndinapopera matumba a chakudya cha nkhosa, osati munthu."

Apo ndi pamene ndinadziwa kuti mashoki a njingayi si a masipuling'i, ndi a mpweya. Amawapopa ndi kapampu kakang'ono kokhala ndi kawotchi kosonyeza kuchuluka kwa mpweya. Anandiuza kuti ndikhale chete pampando, iwo n'kunjuta pafupi ndi mwendo wanga, akuyang'ana mmene kumbuyo kukutsikira, akuphwetsa pang'onopang'ono. Ndinayang'anitsitsa zonse, mpaka pamene anaika chala pa kawotchiko kuti apa ndiye pabwino.

Aphungu, ulendo wachiwiriwo! Mabampu ndimawaona ndi maso akubwera, koma thupi silimawamva. Zinali ngati ndakhala pa matiresi atsopano wina akundikoka nawo pamwamba pa phiri, uku ndi uku kuli mbee. Ine amene kutchalitchi ndimalephera ngakhale kupereka moni pagulu, ndinalulutira mpaka nkhosa zinabalalika. Chifukwa chokomedwa ndinapempha kuti aphwetsenso kwambiri. Anandimvera dala kuti ndione. Titalowa pakadzenje mpando unatsika mpaka unagunda pansi kuti gu! Ndiye ndinamvetsa kuti mpweya ukachuluka umapweteka, ukachepanso umapweteka. Uyenera kugwirizana ndi kulemera kwa wokwerayo.

Tsopano imvani. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayandikirana. Nyumba yathu ndi yaing'ono, koma chibwerereni amayi sanakhalepo pampando umodzi ndi a Jasper. Akati akumane mukolido, a Jasper amathawira kubafa ngakhale alibe chokachitako. Akafuna kuuzana kanthu amadzera mwa mwana, yemwe sanamere ndi dzino lomwe.

Kani amayi amationera pawindo. Pobwerera m'galimoto anamunyamula mwana n'kunena kuti, "Atupele, uwauze bambo ako kuti agogo nawonso akwere chija asanabwerere kwawo. Kodi ndinabwerera matewera okha kuno?" A Jasper anangotsala pang'ono kuphonya kona. Kenako anayankha maso ali kumsewu, "Atupele, uwauze agogo kuti zamveka."

Ndinasangalala kwambiri. Amayi avutika nafe moyo wawo wonse, ndipo sindinawamvepo akupempha chinthu chongosangalatsa iwo okha. Abwereka kale magolovesi kwa amayi ena a kutchalitchi. Aimbira anzawo a Chigwirizano ku Dedza kuti adikire kanema. Koma akunyamuka kumapeto kwa mwezi uno, sinowo wayamba kusungunuka, ndipo mpata watsala wa Loweruka likubwerali lokha.

Amayi ndi athupi, komanso msana umawavuta akakwera basi yamabampu. Ndiye mpweya uja uyenera kukhala wokwanira ndendende. A Jasper anandiuza kuchipinda kuti, "Ine ndinjute pafupi ndi mwendo wa apongozi? Bola undiphe. Ungondipezera makilo awo, ndiona m'buku la njingayo, ndipoperatu iwo asanatuluke panja." Ndinayesa kuwafunsa amayi mozungulira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Sikelo? Ndine belo la fodya ine? Kusikelo ndinasiya kupita iwe utayamba kuyenda."

Ndikuchita manyazi kunena, koma ndaika sikelo pansi pa kakapeti ka pakhomo la kubafa, ndipo ndaboola pang'ono kuti nambala izioneka. Ndayesa ndekha, ikugwira. Koma ndikamva amayi akubwera ndimathamanga kukaichotsa, mtima umanditsutsa.

China n'chakuti ine ndinawagwira a Jasper m'chiuno ulendo wonse chifukwa cha mantha, ngakhale zogwirira zilipo m'mbali mwa mpando. Nanga amayi akachita mantha agwira chiyani? A Norman sangayendetse chifukwa cha bondo lija, akazi awo a Joan amaiopa njingayo. Dzulo a Jasper anati mwina tingowauza amayi kuti yawonongeka.

Aphungu, sindikufuna amayi apite ku Dedza ndi bodza m'malo mwa kanema. Sindikufunanso apite ndi msana wopweteka, kapena amuna anga achite manyazi. Ndiwayese pasikelo mobisa? Ndithandizeni Loweruka lisanafike.

T. Z., Springburn, Glasgow

Mwanawe T. Z.,

Wandiseketsa ndi nkhosa zobalalikazo. Ine sinomobilo sindinaikwerepo, ndipo mmene wafotokozera ndachita kaduka. Koma usanawerenge zambiri, dzuka ukachotse sikelo ija pakhomo la kubafa, uikweze pamwamba pa kabati. Amayi ako anena kuti sakufuna kuyesedwa, ndipo thupi ndi lawo. Komanso sikelo yobisa pansi pa kapeti ikhoza kuwapunthwitsa, msana umene ukuutetezawo n'kuthera kubafa.

Bodza la njinga yowonongeka nalonso likane. A Jasper ndi makaniko. Ukufuna amayi ako akalengeze ku Dedza kuti mkamwini wawo analephera kukonza njinga?

Za makilozo, yankho walilemba wekha. Kodi iwe anakuyesa pasikelo? Ayi. Unakhala pampando, wina n'kuyang'ana mmene ukutsikira. Chimene chikuvuta si makilo a amayi ako, ndi munthu wonjuta pafupi ndi mwendo wawo. Munthu ameneyo akhale iweyo. Unayang'anitsitsa zonse, mpaka pamene anaika chala. Mukafika Loweruka, a Jasper akuphunzitsenso kupopa ndi kuphwetsa, uyesere pa a Joan kapena pa matumba aja njinga ili chiimire, mpaka manja ako azolowere. Kenako amayi akhalepo atavala zonse zimene akwere nazo, a Jasper ali pamalo pawo kutsogolo, poti nawonso amalemera. Maso awo akhale kuphiri. Iwe uziwauza zimene kawotchi kakusonyeza ndi mmene mpando watsikira, iwo azikuuza kuti onjeza kapena phwetsa. Zimenezi muchitire panja pomwepo pozizira, chifukwa mpweya wopopera pamalo ofunda umachepa mphamvu ukakumana ndi chisanu. Ndipo musapyole malire olembedwa m'buku la njingayo.

Tsopano za chiuno. Iwe ndi amuna ako mukunjenjemera ndi chinthu chimene amayi ako anachiona kale. Anakuonerani pawindo. Anaona amene amayendetsa, anaonanso pamene wakumbuyo amakhala. Ndipo uthenga wawo sanautumize kwa a Norman. Anati "uwauze bambo ako." Mayi amene wasunga mwambo mukolido mopapatiza miyezi yonseyi sangauiwale mwangozi m'galimoto.

Komabe usaganize m'malo mwawo. Lero lomwe, a Jasper ali kuntchito, uwapangire tiyi, ukhale nawo pansi, uwafunse mosazungulira: "Amayi, woyendetsa ndi bambo a Atupele, mpando ndi umodzi. Mukufuna tichite bwanji?" Uwauze za zogwirira za m'mbali. Mwina afuna muike kapilo pakati. Mwina kwanu kuli njira imene akuluakulu amamasulira zoterezi, yomwe iwe sukuidziwa. Mwinanso angokuseka. Chimene anene, ukawauze amuna ako mawu ake enieni, osawonjezera. Manyazi a Jasper atha akamva kuti chilolezo chachokera kwa eni ake.

Koma ndikuchenjeze, ndipo apa sindikuseka. Mpweya umafewetsa mabampu, suchiza msana. Imbira foni kuchipatala kapena funsa namwino amene amawadziwa, ufotokoze bwino za msanawo. Akanena kuti asakwere, asakwere. Akhale pampando njinga itaima, muwajambule phiri lili kumbuyo, anzawo a Chigwirizano asiriranso chimodzimodzi. Akalola, amayi avale helimeti, muyambe pamalo osalala, pang'onopang'ono, ulendo waufupi. Mugwirizanenso chizindikiro choti aimitse, poti pamwamba pa phiri Atupele sadzakhalapo kuti apereke uthenga.

Ndipo uwauze a Jasper kuti akadzamva manja awagwira m'chiuno pakona, asadumphe n'kuisiya njinga ikupita yokha. Kuphiri kulibe bafa lothawirako. Ayang'ane kutsogolo, awabweretse apongozi awo bwinobwino.

Aphungu