Ndinadzinenera Ndekha pa Kusudzula

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko kwa Mulungu kumene munatsogola? Mpongozi wanu Esinati munamulandira? Chaka chakwana tsopano chitisiyireni.

Tsiku lomaliza ali bwino tinkathyola manachesi kuseri kwa nyumba. Wogula atafika, ine ndinangogwira dengu, iye n'kumayankhula. Chibwibwi changa mukuchidziwa. Ndikakakamira pa liwu, Esinati ankalimaliza msanga, anthu n'kumayesa ndanena ndine.

Kuno kwa Kanduku chimanga chinachitako bwino, mtedza ndiwo unakana. Adzukulu anu akukula: Tadala ali Sitandade 6, Yohane mano ayamba kuguluka.

Abale a Esinati atatchula tsiku londisudzula, mtima unandichoka. Paja mkamwini akasudzulidwa amanyamula chikwama kubwerera kwawo, ana n'kutsala ndi amalume awo. Ine ndinkafuna kupempha kuti ndikhale, ndilere ana m'nyumba yawo. Wondinenera panalibe.

Ndinakumbukira mawu anu aja: "Meza malovu, mwanawe, mawu sathawa." Masabata atatu ndinkapita ku manachesi m'mawa uliwonse kukayeserera. Mtengo waukulu ndinausandutsa alamu anga a Biziwiki, achimwene ake a Esinati, n'kumaupempha mokweza. Koma ndikakakamira ndinkangoima, khutu nditatchera kumanzere kumene Esinati ankakonda kuima. Kawiri konse, Amayi, ndinamumva akukoka mpweya ngati akufuna kundimalizira. Tsitsi linandiima. Liwulo silinabwere. Pang'onopang'ono ndinaphunzira kulikankha ndekha.

Loweruka lapitali ndinaimirira pamaso pa abale onse. Pa dzina la Tadala ndinakakamira, anthu n'kuweramitsa mitu. Sindinadikire munthu. Ndinameza malovu, ndinalitchula, ndinafika mpaka kumapeto. Kenako a Biziwiki anati ndikhale mpaka ana akule, bola ndisalowetse mkazi wina m'nyumbamo. Ndinavomera osakakamira ngakhale pamodzi.

Chiyambire tsikulo kumanzere kwanga kuli zii. Ndimapitabe ku manachesi, ndimatchera khutu, palibe. Sindikudziwa ngati n'zoyenera kuthokoza.

Sutikesi ya Esinati ndinaitsekula madzulo omwewo. Zitenje ndi madiresi anagawana ang'ono ake. Nsapato zake za kutchalitchi zokha ndinabweza, ndasungira Tadala. Anaziyesa dzulo, zikumukulira ndi zala ziwiri.

Mumuuze Esinati kuti pano sindichoka. Ndidzakhalapo nsapatozo zikadzamukwana Tadala, ndidzakhalapo zikadzamuthina.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanuelo