Dzanja Lamanzere

Okondedwa alamu a Yotamu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Durban. Kuno ku Sinda tilipo. Mvula yayamba, koma sitinabzale.

Kamemore khadi munatumiza kaja kanafika. Akulu anu a Sankhani anakakonda kwambiri, makamaka nyimbo ya jazi yosakaniza ndi gitala ya ku Spain ndi ng'oma za ku Cuba, ija oimba amaomba m'manja mofulumira. Ankati imeneyo ndi flamenko. Mwezi wathunthu ankaiyeserera pa gitala yawo ya kwaya, mpaka akulu a mpingo anawafunsa ngati akadali athu.

Tsopano gitala ili pakhoma. Chigwereni m'kalasi akuphunzitsa mu Okutobala, dzanja lamanja siligwira ndipo mawu satuluka. Kuchipatala anangoti tipite nawo kunyumba, tiziwapatsa chimene akufuna. Sindinafunse zambiri.

Ndimawayatsira nyimbo yomweyo m'mawa uliwonse. Ikafika poomba m'manja, amayi anu amayankha ali kukhitchini kuti, "Lowani," poganiza kuti pakhomo pafika alendo. Ndinaleka kuwauza kuti ndi wailesi. A Sankhani nawo amamenya bondo ndi dzanja lamanzere, ndipo odzazonda matenda amati akuwathokoza. Ndimangovomera.

Dzulo nyimbo inalira mpaka kutha, dzanja lili phee pa bulangeti. Maso anali otsegula. Ndinaibwereza kawiri, kenaka ndinapita kukachapa.

Munati mudzabwera pa Khisimisi kuti mudzaimbe nawo limodzi. Ngati kuntchito angakuloleni, musadikire Khisimisi.

Ndine mlamu wanu,
Velenasi