Bulangeti pa seva

Lachinayi madzulo, ku Bembeke. Lero kwazizira zedi.

Seva ya pasukulu pathu, kompyuta yosunga malikisi a ana, yakhala ikungozima yokha. Nditawerenga malogi, momwe imalembamo mavuto ake, ndapeza kuti disiki ikutentha mpaka kulephera kugwira ntchito. Kutentha, m'Juni muno?

Nditalowa m'kachipinda kake, ndaipeza itafunditsidwa bulangeti. A Nachisale, amene amasesa m'maofesi, sanabise: "Aphunzitsi, imangolira ngati mwana. Ndimati ikumva kuzizira."

Imalirayo ndi fani yoziziritsa makinawo, yomwe bulangetilo limaitchinga mpweya. Ndakopera malikisi onse pa disiki ina, ndipo apulumuka.

Ndimafuna kuwakalipira a Nachisale, koma ndalephera. Akupinda bulangetilo, anangoti, "Ndiye lero ndifunda ine." Kani mwezi wonsewu amagona ndi chitenje chokha.