Nkhadze za m'malire

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Miyendo ija inaleka kutupa?

Kuno tilipo. Mdzukulu wanu Esinati, amene akuphunzitsa ku Kapata, wabereka mwana wamwamuna. Mphuno watenga yanga, tsoka lake. Mtedza chaka chino wachita bwino, chimanga chakana. Ine mano atsala anayi, ndipo sakumana.

Ndiyambe ndi kuulula. Mukukumbuka lipoti langa la Sitandade 3, lija aphunzitsi analembapo liwu limodzi lachingelezi ndi inki yofiira, "cunning"? Munandifunsa tanthauzo lake, ine n'kuti, "Akuti mwana wanzeru kuposa onse." Munapha tambala. Amayi, liwu lija limatanthauza kamberembere, munthu wochenjera moipa. Esinati wafufuza pa foni yake, akuti kalekale azungu ankatchula choncho munthu wodziwa zinthu, waluso pa ntchito yake, ndipo liwulo linachita kuwola pambuyo pake. Ndiye sindinaname kwenikweni, ndinangochedwa ndi zaka mazanamazana.

Ndikuseka ndekha, chifukwa woseka nane kulibe. Achimwene anga, a Yotamu, agonekedwa m'chipatala ku Tamanda. Sakudya, akungomwa madzi pa supuni. Ndipo akana kundiona.

Nkhani yake ndi munda uja munatigawira awirife, n'kudzala nkhadze pakati. Chaka chotsatira maliro anu ndinazula nkhadzezo n'kuzisunthira mzere umodzi kwa iwo. Ndinkangofuna kuona ngati azindikira, kuti tiseke. Sananene kanthu. Chaka china ndinasunthanso. Kenaka nthabwala inasanduka chimanga m'nkhokwe mwanga, ndipo inayamba kukoma. Mizere khumi ndi iwiri, Amayi. Inu munkati, "Iwe Laisoni, mutu wakowu udzakudya wekha." Ine ndinkayesa mukundiyamikira.

Lolemba ndinatenga khasu dzuwa lili pamutu, anthu akuona, n'kubwezera nkhadze zonse pamene munaziika inu, pafupi ndi chulu. Utomoni wake unandilowa m'maso. Anthu odutsa ankati ndikulira, ine n'kumati ndi nkhadze.

Mawa lake ndinakwera njinga mpaka ku Tamanda. Alamu, akazi a Yotamu, anatuluka n'kundiimitsa pakhonde. "Alamu, musavutike kufotokoza," anatero. "Akulu anu anadziwa kuyambira mzere woyamba. Chaka chilichonse ankadikira kuti mubwera nokha." Ndinawapempha akanene kuti munda ndabweza wonse. Analowa. Sanachedwe.

"Akuti ndikufunseni, ulendo uno mukufuna chiyani? Akuti Laisoni sabweza chinthu chaulere."

Amayi, ine amene ndinayankhapo apolisi mpaka iwo n'kupepesa, ndinangotenga njinga yanga n'kubwerera kumudzi. Zaka zonsezi ndanama, anthu n'kumakhulupirira. Ndanena zoona kamodzi, ndipo palibe chimene ndinganene chimene sichingamveke ngati msampha wina. Ndikalira, ati ndi machenjera. Ndikagwada, ati onani kamberembere wagwada.

Anamwino akuti tisayembekezere sabata yamawa. Ndiye a Yotamu afika kwa inu ine ndisanafike. Akayamba kundinenera, musanditeteze, zonse n'zoona. Mungowauza kuti nkhadze zili pa chulu. Inu adzakukhulupirirani.

Mawa ndibwereranso. Sinditumizanso mawu. Ndikangokhala pa benchi ya pakhonde, chipewa m'manja, mpaka a Yotamu atandiitana kapena mpaka alamu atatuluka akulira. Ili ndi lonjezo, ndipo mulibe msampha m'kati mwake.

Ndimakukondani, Amayi.

Mwana wanu wovuta uja,
Laisoni